Kupoloza kwa ng'ombe: mungadziwe bwanji ngati ndi brucellosis?

Bambo amene mwafunsa, mwanena kuti ng'ombe zanu ziwiri zapoloza bere lili ndi miyezi 7, kuti imodzi inakhala masiku atatu nsengwa isanatuluke, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi brucellosis, matenda opatsirana amene amapolozetsa ng'ombe, komanso ngati njati za kufupi ndi kumene mumadyetsera zingakhale gwero lake. Zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi matendawa, koma palibe munthu, ngakhale dokotala wa ziweto, amene angatsimikize pongoyang'ana ndi maso, chifukwa matenda a nkhupakupa, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu otchedwa Rift Valley fever ndiponso kuchepa kwa chakudya nazonso zimapolozetsa ng'ombe.

Kachilombo kake ndi bakiteriya wotchedwa Brucella abortus, amene Bernhard Bang wa ku Denmark anamupeza mu 1897. Amakonda chiberekero cha ng'ombe yabere, n'chifukwa chake kupoloza kumachitika kawirikawiri pakati pa mwezi wa 5 ndi wa 8. Chovuta n'chakuti ng'ombeyo simaoneka yodwala. Imadya bwino, imabzikula monga mwa masiku onse, ndipo nthawi zambiri imapoloza kamodzi kokha, chaka chotsatira n'kuswa mwana wamoyo. Mwini wake amati yachira, pamene iyo ikutulutsabe tizilombo mu mkaka ndi m'madzi a uchembere. Yang'ananinso mawondo: chotupa chofewa, chosapweteka, chokhala ngati thumba la madzi, n'chizindikiro cha ng'ombe imene yakhala ndi matendawa nthawi yaitali. Kwa nkhunzi, onani ngati machende atupa.

Itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti atenge magazi, ndipo asatenge a ziwiri zokhazo ayi, koma a ng'ombe zonse zazikulu za m'kholamo, nkhunzi yomwe. Kuyeza koyamba kumatchedwa Rose Bengal. Ndinaonapo kangapo akuyeza chotere ndipo n'kosavuta: amasiya magazi kuti aundane, amatenga dontho la madzi achikasu apamwamba, amalisakaniza ndi dontho la mankhwala ofiirira pa kambale koyera, kenako amapendeketsapendeketsa kwa mphindi 4. Ngati ng'ombe ili ndi matendawa, mumaoneka timibulu ngati mchenga, ndipo ngati ilibe, madziwo amangokhala osalala.

Apa mpamene alimi ambiri amalakwitsa, choncho ndikhalitsepo. Kuyezaku sikuona kachilombo kenikeni koma asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Ng'ombe imene yatenga matendawa posachedwa ikhoza kutuluka yopanda vuto, ndipo zimachitikanso ndi imene yangopoloza kumene, motero ziwiri zanuzo zikapezeka zopanda matenda muziyezetsenso pakatha milungu 2 mpaka 4. Thole limene linatengera matendawa m'mimba mwa make likhoza kuwabisa mpaka litadzaswa koyamba. Kumbali inayo, ng'ombe imene inabayidwa katemera wa brucellosis wotchedwa S19, makamaka itakula kale, imatha kuoneka ngati yodwala pamene ili bwinobwino, ndipo pali bakiteriya wina wotchedwa Yersinia amene amasokonezanso zotsatira. Katemera wina wa matendawa, wotchedwa RB51, sabweretsa chisokonezo chimenechi. Choncho muuzeni mlangiziyo mbiri ya katemera ndi kumene munagula ng'ombe iliyonse, ndipo magazi amene aonetsa timibulu apite ku labotale ya ziweto, monga yaikulu ya boma ku Lilongwe, kuti akatsimikize ndi njira ina ngati ELISA. Ine sindingalole kuti munthu aphe ng'ombe yake chifukwa cha Rose Bengal yekha, komanso sindingakhulupirire khola limene layezedwa kamodzi kokha.

Amene muli m'magulu ogulitsa mkaka ku Thyolo, Mulanje kapena Chiradzulu, pali njira yotsika mtengo yoyezera mkaka wa m'chigubu, yotchedwa milk ring test. Amathira dontho la mankhwala abuluu mu mkaka pang'ono, amausunga pa kutentha kwa madigiri 37 kwa ola limodzi, ndipo mkombero wabuluu ukaoneka pamwamba pamene pali mafuta, ndiye kuti pakati pa ng'ombe zimene zakamidwazo pali yofunika kuifufuza ndi magazi. Mkaka woyamba wachikasu uja ndi wa ng'ombe yotupa mawere umanamiza.

Za njati, n'zoona kuti zimatenga matendawa. Anapezeka mu njati za ku Kruger ku South Africa ndi mu nyama zotchedwa lechwe ku Kafue Flats ku Zambia, ndipo njati zoweta za ku India, Pakistan ndi Egypt zimayezedwa magazi mofanana ndi ng'ombe. Komabe musanaloze chala kutchire, dzifunseni ngati simunalowetse ng'ombe yachilendo m'khola osaiyezetsa, kapena ngati zanu sizidyera ndi kumwera pamodzi ndi za anzanu, pakuti njira yaikulu ndi ng'ombe kunyambita mwana wopolozedwa kapena kudya msipu umene wathirikira madzi a uchembere.

Podikira zotsatira, patulani ziwirizo ndipo musazigulitse. Ina ikapoloza, musagwire mwanayo kapena nsengwa ndi manja opanda kanthu. Valani magolovesi kapena majumbo okhuthala, dziwitsani mlangizi msanga chifukwa m'menemo ndi mmene kachilombo kamapezeka mosavuta, ndipo zotsalazo muzikwirire mozama kuti agalu asafukule. Mkaka wonse uziwiritsidwa, ngakhale wopangira chambiko. Matendawa amagwiranso anthu, ndipo amabwera ngati malungo: kutentha thupi kopita n'kubwerera, thukuta la usiku, kuphwanya kwa msana ndi mfundo. Ngati wokama kapena amene anathandiza kuchotsa nsengwa ija akudwala chotere koma kuchipatala malungo sakupezeka, akawauze adokotala kuti kunyumba ng'ombe zapoloza.