Liang Shanbo ndi Zhu Yingtai si Romeo ndi Juliet a ku China

Mphunzitsi wina wa sekondale wanditumizira imelo. Akufuna ophunzira ake ayerekezere Romeo ndi Juliet ndi nthano ya ku China ya Liang Shanbo ndi Zhu Yingtai, ndipo akufunsa ngati angangowauza kuti ndi nkhani imodzi yomweyo, kusiyana mayina okha.

Aphunzitsi, chonde musawauze zimenezo. N'zoona kuti konse kuwiri mnyamata ndi mtsikana amafera chikondi, makolo ali pakati. Koma chimene chimawapha n'chosiyana.

Kwa Shakespeare, wolemba Romeo ndi Juliet, chimapha ndi phuma. Seweroli linasindikizidwa koyamba mu 1597, ndipo zonse zimachitika pasanathe sabata. Awiriwa aonana paphwando ku Verona Lamlungu usiku, Lolemba amanga ukwati mobisa, tsiku lomwelo Romeo wapha Tybalt, msuweni wa Juliet, n'kuthamangitsidwa mumzinda. Juliet, yemwe sanakwanitse zaka 14, amamwa mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42. Kalata yofotokoza zimenezi siifika kwa Romeo ku Mantua chifukwa Friar John, amene anainyamula, anamutsekera m'nyumba pomukayikira za mliri. Romeo akanachedwako pang'ono kudzipha kumanda a Juliet, akanapeza mkazi wake atadzuka.

Ya ku China imapita pang'onopang'ono. Amati zinachitika mu ufumu wa Eastern Jin, pakati pa 317 ndi 420. Zhu Yingtai wa ku Shangyu amavala ngati mwamuna kuti akaphunzire ku Hangzhou, ndipo amakhala ndi Liang zaka zitatu, mnzakeyo osadziwa kanthu. Zhu ataitanidwa ndi bambo ake, Liang amamuperekeza mtunda wa ma li 18, omwe pamuyeso wa lero ndi makilomita 9. Njira yonseyo mtsikanayu akuyesa kudziulula mophiphiritsa. Amamulozera abakha awiri, wamwamuna ndi wamkazi, akusambira limodzi. Amamuitana asuzumire m'chitsime aone nkhope zawo zitagundana pamadzi. Liang osatolapo kanthu. Mapeto ake Zhu amamuuza kuti adzafunsire mlongo wake, chonsecho mlongoyo ndi iye mwini.

Liang amafika mochedwa, makolo atamupereka kale Zhu kwa Ma Wencai, mwana wa banja lolemera. Palibe wosolola lupanga, palibe wothawitsa mnzake usiku. Liang amabwerera kwawo, n'kudwala, n'kumwalira. Patsiku la ukwati chimphepo chimaimitsa mdipiti wa akwati pafupi ndi manda ake, manda amang'ambika, Zhu amalumphiramo, kenako mumatuluka agulugufe awiri.

Ine ndimaona kuti iyi ndiyo yopweteka kwambiri, ndipo sindisintha maganizo. Ku Verona mungaloze chala mliri ndi kalata. Kwa Liang kulibe ngozi yoti mulozere, chifukwa aliyense wachita zimene mwambo unkafuna. A Montague ndi a Capulet, bambo a Romeo ndi bambo a Juliet, amagwirana chanza n'kulonjezana ziboliboli zagolide. Kwa a Zhu ndi a Ma simumva zoti wina walapa. Choncho agulugufewo musawaphunzitse ngati mathero osangalatsa. Chimodzimodzi ndakatulo yakale ya Jiao Zhongqing ndi Liu Lanzhi, ya kumapeto kwa ufumu wa Han: apongozi amathamangitsa mtengwa wolimbikira ntchito, mwamuna amamvera mayi ake akulira, mkazi amadziponya m'dziwe, mwamuna amadzimangirira. Kuwalola kukhala limodzi kumabwera powaika m'manda amodzi.

Komanso musathamangire kunena kuti azungu ndi aufulu, Achaina ndi omvera. Bambo Capulet nawonso amakakamiza Juliet kukwatiwa ndi Paris, mpaka kumuopseza kuti amutaya mumsewu. Ndipo Zhu, wonamiza sukulu yonse zaka zitatu, si mtsikana wamantha.

M'kalasi

Nthano ya Liang ndi Zhu ili ndi kafotokozedwe kosiyanasiyana, ndiye sankhani kamodzi musanayambe, apo ayi ophunzira azikangana pa zinthu zosiyana. Ngati muli ndi sipika, aimbireni nyimbo ya vayolini yonena za nthanoyi imene He Zhanhao ndi Chen Gang anapeka ku Shanghai mu 1959, siikwana theka la ola. Kenako afunseni kuti pa nkhani iliyonse apeze chinthu chimodzi chomwe chikanasintha, awiriwo akanakhala ndi moyo, ndipo aloze malo ake enieni m'nkhanimo.