Kangachepe kanga ndikapereke ku bungwe liti la amayi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakonda kuwerenga zimene ndimalemba. Mwachidule anati: "Ndapeza ntchito yokhazikika, ndiye ndikufuna mwezi uliwonse ndizipatula kangachepe kothandizira amayi anzanga. Koma mabungwe achuluka, ndipo onse ali ndi zithunzi za atsikana akumwetulira. Mnzanga akuti ndisankhe bungwe limene siliwononga ndalama zambiri pa malipiro ndi za mu ofesi. Akunena zoona? Nanga awa amadzitcha ma feminist amasiyana pati ndi enawo?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mnzanuyo. Malangizo akewo amamveka anzeru, koma asocheretsa anthu ambiri. Taganizirani nyumba yobisalako amayi othawa nkhanza. Mayi akafika usiku ndi ana, amafunika munthu womutsegulira, womumvetsera mpaka mtima ukhale pansi, ndi loya womuperekeza kukhoti. Onsewa amalandira malipiro, ndipo malipirowo ndiwo ntchito yeniyeniyo. Bungwe lodzitama kuti pafupifupi ndalama zonse "zimafika kwa ovutika" nthawi zina limakhala loti antchito ake amagwira ndi njala, ndipo palibe wowerengera chuma wodziwa ntchito. Mu 2013 mabungwe atatu a ku America amene amaunika mabungwe achifundo, GuideStar, Charity Navigator ndi BBB Wise Giving Alliance, analemba kalata yochenjeza opereka kuti muyeso umenewu paokha ndi wosakwanira. Ngati eni sikelo akunena choncho, ife tiikakamirirenji?

Funso limene ine ndimafunsa ndi lakuti: ndalamazo zikafika, amagamula zochita nazo ndani? Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bungwe likhoza kulemba mawu akuti "amayi" paliponse, chikhalirecho m'komiti yake yaikulu mulibe ndi mmodzi yemwe wochokera pakati pa amayi amene likuti likuwathandiza. Loterolo limabwera ndi mapulani ophikaphika kale, amayi n'kungoitanidwa tsiku lojambulitsa. Kwa ine, apa ndi pamene pali kusiyana kumene mwafunsa. Bungwe lomenyeradi ufulu wa amayi silingogawa zinthu ayi. Limafunsa chifukwa chimene mayiyo alibe malo m'dzina lake, chifukwa chimene mtsikana wasiyira sukulu, ndipo limasiya chiwongolero m'manja mwa eni vutolo.

Magulu otsogozedwa ndi amayi eni akewa ndiwonso amakhala opanda kanthu. Bungwe la AWID, lomenyera ufulu wa amayi padziko lonse, litafufuza magulu 740 omenyera ufulu wa amayi m'maiko osiyanasiyana, linapeza kuti mu 2010 theka la maguluwo linali ndi ndalama zosaposa madola 20,000 a ku America chaka chonse. Kumalo ngati kumeneko kangachepe kanu kamamveka kulemera.

Vuto ndi lakuti inu simungayende dziko lonse kukayendera timagulu timeneti. N'chifukwa chake pali mathumba a amayi, mabungwe amene ntchito yawo ndi kutolera ndalama n'kuzigawa kwa magulu ang'onoang'ono atawaunika. Mama Cash inayamba mu 1983 ku Amsterdam. Global Fund for Women inayamba mu 1987 ku California. African Women's Development Fund ili ku Accra, ndipo anaiyambitsa ndi amayi atatu a mu Africa: Bisi Adeleye-Fayemi, Joana Foster ndi Hilda Tadria. Palinso Urgent Action Fund, imene imatumiza thandizo m'masiku ochepa kwa omenyera ufulu amene moyo wawo uli pachiswe. Inde, mathumbawa amatapako zoyendetsera ntchito. Zimenezo ndiye mtengo wa maso amene inu mulibe.

Tsopano pali chisankho chimene sindingakupangireni. Mukufuna kuona chipatso msanga, kapena mungapirire? Ngati mukufuna chooneka ndi maso, ntchito zilipo zabwino. Chipatala cha fisitula chimene Catherine Hamlin ndi mwamuna wake Reginald anatsegula ku Addis Ababa mu 1974 chachiritsa amayi masauzande ambiri amene anavulala pobereka n'kusalidwa ndi anzawo. CAMFED inayamba mu 1993 polipirira sukulu atsikana 32 ku Zimbabwe, ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti Angeline Murimirwa, mmodzi wa atsikana oyambirira kuthandizidwa, anadzakhala mkulu wa bungwe lonselo. Funso langa lija layankhidwa pomwepo.

Mbali inayo kuli mabungwe ngati Equality Now, amene kuyambira 1992 amalimbana ndi malamulo opondereza amayi. Awa sadzakutumizirani chithunzi cha mwana amene mwamugulira nsapato. Mlandu umodzi ukhoza kutenga zaka, mwinanso n'kuluza. Koma akatswiri awiri, Mala Htun ndi Laurel Weldon, atayerekeza maiko 70 kuyambira 1975 mpaka 2005, anapeza kuti chimene chinkachititsa kwambiri maboma kuchitapo kanthu pa nkhanza kwa amayi si kulemera kwa dziko kapena kuchuluka kwa aphungu aakazi, koma magulu a amayi oima paokha. Ine mtima wanga umapendekera kumeneku, sindikubisirani. Lamulo likasintha limateteza ndi amene sanabadwe.

Ndikuuzeninso pang'ono za ngongole zing'onozing'ono, poti mudzakumana nazo. Zinatchuka kwambiri Muhammad Yunus wa ku Bangladesh ndi Grameen Bank, banki yobwereketsa osauka imene anayambitsa, atalandira mphoto ya Nobel mu 2006. Kafukufuku wa m'maiko asanu ndi limodzi amene anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti zimathandizako, koma sizichotsa anthu mu umphawi monga ankanenera. Ngongole ndi ngongole basi, ngakhale woitenga akhale mayi.

Musanatumize kalikonse, onani ngati bungwelo linalembetsedwa mwalamulo ndiponso ngati limatulutsa lipoti la chuma lowunikidwa ndi akatswiri akunja. Werenganinso zimene limanena pa nkhani zimene anthu amasiyana maganizo, monga kuchotsa mimba, kuti musadzadabwe mawa. Onaninso zithunzi zija. Bungwe loonetsa nkhope ya mwana wogwiriridwa pofuna kukukhudzani mtima lakuuzani kale mmene limaonera ulemu wa anthu ake. Ndipo makampani amene amati "gulani ichi, gawo lina lipita kwa amayi" afunseni kuti gawo lake ndi lingati. Akachita chibwibwi, perekani nokha mwachindunji.

Mukasankha, sankhani limodzi kapena awiri, osamwaza kangachepeko ku mabungwe khumi. Muzipereka mwezi ndi mwezi monga mwaganiziramo, ndipo musawamange manja ponena kuti ndalamazi ndi za mabuku okha. Gulu laling'ono limavutika kupeza ya lendi, ya mafoni ndi ya malipiro, chifukwa aliyense amafuna kulipirira zooneka.

Alembereni imelo ya mizere itatu. Afunseni amene ali m'komiti yawo, chimene chinawakanika chaka chatha, ndi kumene mayi angakadandaule ngati wantchito wawo wamuchitira zosayenera. Adikireni milungu iwiri. Mukalandira mayankhowo munditumizire, tidzawerengere limodzi.