Mayi a mwana asamukira kutali, bambo achite chiyani?

Bambo a ku Chipoka, mwalemba kuti banja lanu linatha chaka chatha, mwana wa zaka 5 anatsala ndi mayi ake, ndipo tsopano asamukira ku Mzuzu osakutsanzikani. Mukufunsa ngati mungapite kukamutenga.

Musapite kukamulanda. Mukatero, woweruza adzayamba kukuonani ngati wosokoneza moyo wa mwana, mlandu musanauyambe n'komwe.

Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wokhala kulikonse m'Malawi. Ngati palibe chigamulo cha khoti chowaletsa, kusamukako si mlandu. Koma gawo 23 likuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndipo apa ndi pomwe muyenera kuimapo. Kwathu kuno ambiri adzakuuzani kuti ana ndi a mbumba ya mkazi, mwini wake ndi malume, inu munali mkamwini chabe. Zimenezo n'zapabwalo la ankhoswe. Khoti limafunsa chinthu chimodzi: chomukomera mwanayo n'chiyani?

Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, gawo 8, limakulolani kupempha kuti mwana azikhala ndi inu, kapena kuti muzimuona pa nthawi zoikika. Ndisakunamizeni. Lamulo lomwelo likuuza khoti kuganizira kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake. Popanda umboni wa nkhanza kapena kumutayirira, kumuchotsa kwa mayi pa msinkhu umenewu n'kovuta. Ine ndikanalimbikira zomuona, koma zolembedwa mwatsatanetsatane. Chigamulo chongoti "bambo aziona mwana" chimasanduka mkangano holide yoyamba ikangofika. Pemphani kuti chinene holide iti akhala ku Chipoka, masiku angati, ndani amuperekeze pa minibasi ya msewu wa M5 wodzera ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, thiransipoti alipire ndani, ndiponso tsiku lanji pa sabata muzilankhula naye pa foni.

Yambani ndi ankhoswe kapena ofesi ya Social Welfare pa boma la Salima. Mukagwirizana, lembani n'kusainirana onse. Zikakanika, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti mukanene kuti ndi nkhani ya mwana. Mayi adzapatsidwa samani, choncho fufuziranitu komwe akukhala. Ngati ndalama ya loya mulibe, funsani a Legal Aid Bureau.

Chomwe chimagwetsa abambo ambiri ndi kusiya kutumiza chithandizo chifukwa cha mkwiyo. Udindo umenewo sutha chifukwa mwana ali kutali. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba, osati kudzera mwa kondakitala, ndipo mauthengawo musafufute. Malisiti a yunifolomu ndi a fizi asungeninso, chifukwa kukhoti amalankhula kuposa mboni ya pachibale.

Mukamva mphekesera yoti akukonza zopita naye ku Johannesburg, musadikirenso ankhoswe. Dziko lathu silinalowe m'pangano la ku Hague la 1980 lobwezera ana otengedwa kupita kunja, ndiye mwana akadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kumubweza kumafuna nthawi ndi ndalama zambiri. Kapempheni khoti mwachangu kuti liletse kutuluka naye m'dziko mpaka nkhaniyo itaweruzidwa.