Mwafunsa za mthunzi ku damu la Mpira, achemwali

Imelo yafika Lachitatu usiku kuchokera kwa mayi wina amene wangosamukira kumene ku Ntcheu pa ntchito. Akuti ali ku Zomba ankathamanga cha ku damu la Mulunguzi, ndiye wamva kuti kunonso kuli damu la Mpira m'mapiri a Mvai. Akufunsa ngati kumeneko ndi m'tsinde mwa mapiri muli njira zabwino zothamangamo, "zamthunzi ngati za ku Zomba".

Achemwali, mawu akuti mthunziwo ndi amene andisowetsa tulo. Ndikuyankhani, koma mupirire kaye.

Ine kuthamangaku sindinakuyambe chifukwa chokukonda ayi. Chinandiyambitsa ndi kuthamanga kwina, kwa magazi. Ndinapita kuchipatala ndi mutu wosatha, namwino n'kundimanga kachipangizo kaja pamkono, kuyang'ana manambala, kundiyang'ana ine, kenako n'kuyezanso kachiwiri. "Bambo, mwabwera wapansi nokha?" Funso limenelo linandiopsa kuposa mankhwala onse amene anandipatsa. Loweruka lake ndinakagula nsapato pa kaunjika, zazikulu pang'ono moti kutsogolo ndinkaikako pepala, ndipo Lolemba m'mamawa ndinali pa M1 kulowera ku Kampepuza, mimba ili patsogolo, ine pambuyo.

Sindinathe ngakhale mphindi khumi. Mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni anaima n'kutembenuka ndi mtolo womwe, kuyang'ana kumene ndikuchokera, kuti aone chimene chikundipirikitsa. "Kwagwanji achimwene?" Ndinalephera kuyankha, mpweya kunalibe. Tiana tapasukulu tinanditsatira tikuwerenga "wani, thuu, wani, thuu", kamodzi n'kukuwa kuti "wakuba!" anzake n'kufa nazo nseko. Ine sindinaseke. Kuno munthu akakuwiridwa kuti wakuba, anthu amayamba kugenda, kufunsa pambuyo.

Koma amene anandichotsa pa M1 si ana. Ndi thiraki. Tsiku lina kukuchita chifunga, mathiraki awiri anapatukirana pomwe ndinali, ndipo mphepo yake inandiponyera mu ngalande. Chigongono chakumanzere chili ndi chipsera mpaka lero. Ndiye ndinene mosapsatira: M1 si msewu wothamangamo. Ndi msewu wa mathiraki, mabasi a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, maminibasi olimbirana okwera ndi njinga zamoto zopanda nyali. M'mbali mwa tala munadyeka, pothawira palibe. Ndimaona anyamata ena akuthamanga mmenemo atatseka makutu ndi nyimbo, galimoto zikuwadzera kumbuyo, ndimangogwira pakamwa.

Ndi mmene ndinatembenukira kumapiri, ndipo apa ndi pamene funso lanu landikhudza.

Ku Mvai ndinkapitako ndili mwana ndi malume anga, nyengo ya masuku, mvula ikamayandikira. Tinkalowa m'nkhalango dzuwa lili pamutu koma osalimva. Mitengo ya mombo, misuku, miwanga, pansi pali masamba okhaokha onyowa, ndipo malume ankandiletsa kukuwa, ati ndidzutsa anyani. Damu lenilenilo linamangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo nzeru yake ndi yosavuta: madzi amasungidwa pamwamba m'mapiri, n'kumatsika okha m'mapaipi popanda injini yowakankha, mpaka kukafika kwa anthu a m'midzi ya Ntcheu ndi ku Balaka. Munthu wotsegula mpopi ku Balaka kotentha kuja amamwa mvula imene inagwa pa Mvai.

M'chaka cha 2018 damulo linauma. Ndinamva pa wailesi, sindinakhulupirire, ndinapita ndekha. Ndinatsika njinga yamoto patali ndithu n'kumalizitsa mothamanga monga mwa chizolowezi, ndipo nditatulukira pa kamtunda ndinangoima chilili. Pamene pankakhala madzi panali matope ong'aluka ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato. Ng'ombe zinkayenda pakati pa damu. Kumbuyo kwake mapiri ali mbee, zitsa zokhazokha, apa ndi apo utsi wa uvuni wa makala ukukwera. Masiku amenewo achibale anga ku Balaka ankadzuka usiku kukaima pa mzere ku mjigo.

Anthu ankati ndi mvula, ndipo n'zoona kuti mvula inavuta. Koma mvula yokha siumitsa damu chotero. Phiri likakhala ndi mitengo, madzi amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono chaka chonse. Likameteka, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, dothilo n'kukakhazikika m'damu, malo a madzi n'kumachepa chaka ndi chaka. Onjezanipo madimba a m'mphepete mwa mitsinje ndi moto wa osaka mbewa wa mu Ogasiti ndi Seputembala, umene umapsereza timitengo tongophukira kumene.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi ukali, ndikutukwana ootcha makala mumtima. Kufika pakhonde, thumba la makala lili poteropo, logula ine ndemwe dzana lake. Magetsi akazima nsima timaphikira chiyani? Ndiye musandione ngati woyera. Koma kuyambira tsiku limenelo ndimanyansidwa ndi othamanga anzanga amene amaona damu ngati malo ojambulitsirapo zithunzi. Amabwera pa galimoto Loweruka, kuthamanga pang'ono, kujambulana, kusamba thukuta m'madzi momwemo, n'kusiya mabotolo apulasitiki pagombe. Amenewo ndi madzi akumwa a anthu. Kwanu munthu atasambitsa mapazi mu ndowa yakumwa mungamusekerere? Ine ndimati amene sangabweze botolo lake m'thumba akhale kunyumba, azidumpha chingwe pabwalo.

Pepani, ndapsa mtima pa inu wosalakwa.

Mthunzi umene mukufunawo, wofanana ndi wa ku Zomba, ine ndimakaupeza ku Dedza. Ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu pa minibasi, kudutsa Biriwiri ndi Lizulu, kumene msewu umayenda m'malire enieni moti mbali inayo ndi Mozambique. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri ili pafupi ndi mamita 2,200. Kuseri kwa boma kuli msewu wafumbi wokwera m'mitengo ya paini mpaka ku nsanja za mawailesi ndi mafoni pamwamba. Masamba a paini amayala pansi ngati mphasa, mawondo samva kuwawa, ngakhale zigawo zina anakolola mitengo ndipo mumatulukira padzuwa mwadzidzidzi. Tsiku loyamba mudzadabwa kuti befu wakugwirani msanga chonchi bwanji. Si ulesi, mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Anyamata a ku Kenya amene timawaonera pa kanema aja ambiri amakonzekera ku Iten, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400, ndipo ine sindimvetsa chifukwa chimene okonzekera mpikisano wa Porters Race wa ku Mulanje kapena mtunda wa makilomita 42 sadzaza Dedza mu Juni. Mwina n'kuzizira. Juni ndi Julayi kumeneko zala zimachita dzanzi, chifunga chili kwatikwati moti munthu wa patsogolo pako umangomumva kutsokomola. Potsika ndimadya tchipisi cha kachewere wa ku Bembeke pa chiwaya, mafuta onse amene ndawotcha n'kubwerera. Namwino uja asamve.

Chinthu china, poti mwatchula mthunzi. M'midzi yathu mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda yoyera, musathamangireko. Ndi manda. Mitengo yachilengedwe yatsala kumanda chifukwa ndi kokhako kumene nkhwangwa imaopa. Ku Dedza, kwa Achewa, manda ena ndi dambwe la gule wamkulu, ndipo wosalowa akapezeka kumeneko ndi mlandu wa kwa mfumu. Ine ndinatsala pang'ono kudutsa pa ena pofuna kudula njira, anandibweza ndi agogo ena amene ankapalira chapafupi. Anangoti "Mdzukulu wanga, njira ndi iyo," akuloza ndi khasu, osakweza mawu.

Tsono njira zake

Damu la Mpira silili pa Ntcheu boma. Pitani pa njinga yamoto, ndipo ulendo woyamba muyende ndi munthu wakonko. Mukafika perekani moni kwa oyang'anira damu, muwauze chimene mwadzera, muwafunse pamene amalola kudutsa. Thamangani mu msewu wafumbi wopita kudamuko ndi m'njira zoyendamo anthu, osati pa khoma la damu kapena pagombe. Njira zake n'zachikweza, ndiye werengani mphindi, osati makilomita: makumi awiri kupita, makumi awiri kubwerera, pokwera kwambiri yendani, palibe amene akukulembani. Mthunzi ndi wa apo ndi apo, valani chipewa.

Pakati pa sabata misewu yafumbi ya m'tsinde mwa phiri la kuseri kwa Ntcheu boma ikukwanirani. Nyamukani kutayera, osati mumdima ndi tochi pamphumi. Mphekesera za anamapopa zimene zinavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 anthu sanaziiwale, ndipo mlendo wothamanga usiku amafunsidwa mafunso ovuta. Poti ndinu mayi, pezani mnzanu woyenda naye, ndipo kachitenje kopepuka m'chiuno podutsa m'midzi kamatseka pakamwa pambiri. Perekani moni kwa aliyense, pakatha sabata ziwiri adzakhala akukuuzani okha kumene kuli galu wolusa. Galu akakutsatani imani, muwerame ngati mukutola mwala. Nyengo ya mvula katondo amaterera ngati sopo, makamaka pamtsetse.

Mukafika ku Mpira mundilembere, mundiuze madzi afika pati. Pali mwala wina waukulu chakumtunda umene ine ndimayezera, koma papita miyezi bondo likundiletsa kukauona.