Kodi ndikawaneneze anansi anga chifukwa cha zimene mwana wanena?

Sabata yathayi ndinalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene akukhala kuno ku England. Mwana wa anansi awo, mtsikana wa zaka 8, wauza mwana wa mayiyu kuti pa tchuthi chachitali chikubwerachi apita kwawo kukachita mwambo umene wauzidwa kuti asaulule kusukulu. Banjalo ndi lochokera ku dziko limene mdulidwe wa atsikana ndi wofala, ndipo mayiwa akufunsa ngati ayenera kunena kwa akuluakulu, poti amayi a mwanayo ndi mnzawo wapamtima, wobwerekana naye mchere. Ndakhala masiku anayi osayankha, chifukwa funsoli landigunda pachilonda.

Pamene ndinali woyembekezera mwana wanga woyamba, ndinapita ku sikelo, ndipo mzamba amene ankalemba mbiri yanga anandifunsa, maso ali pa kompyuta, ngati ndinadulidwapo. Ine ndinaganiza kuti akunena za opaleshoni, choncho ndinayankha kuti sindinagonepo m'chipatala. Atandifotokozera bwino, thupi lonse linatentha. Ndinamuyankha mwaukali kuti kwathu zimenezo sitichita, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza m'basi monse kuti azungu akaona khungu lakuda amayesa kuti Africa ndi mudzi umodzi wa mfumu imodzi. Patapita zaka, ndili pa ulendo wa ku Lilongwe ndi mwana wanga wamkazi yemweyo, wapolisi wamkazi anatiimitsa pa bwalo la ndege, n'kutifunsa kumene tikupita ndi amene tikukawaona, kenako anatipatsa kapepala. Anali waulemu, koma ine ndinakapinda kapepalako n'kukaponya m'thumba momwe munali matewera. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ntchito imeneyi amaitcha Operation Limelight, ndipo apolisi amaichita pamodzi ndi oyang'anira malire, makamaka sukulu zikatsekera.

Amene anandichotsa matama ndi mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito ya usiku ku nyumba yosamalira okalamba. Usiku wina, cha m'ma 3 koloko, tikumwa tiyi m'kakhitchini, ndinamufotokozera nkhani ya pa bwalo la ndege ija ndikuyembekezera kuti akwiya nane limodzi. Iye anangozunguza sipuni m'kapu kwa nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti iye anadulidwa ali ndi zaka 7, kuti anamunamiza kuti akupita kukayesa diresi latsopano, ndipo kuti amene anamugwira miyendo anali azakhali ake omwe ankamukonda kwambiri. Anandiuza kuti chimene amachedwera akapita kukataya madzi, chimene ifeyo tinkamujeda nacho kuti ndi ulesi, ndi chilonda chomwecho. Anati akanakonda kuti tsiku lomwe lija pakanapezeka munthu mmodzi wachilendo wofunsa funso lopusa. Ine tiyi anandizizirira m'manja.

Mayi anzanga, chiwerengero cha UNICEF cha mu 2024 chimati amayi ndi atsikana oposa 230 miliyoni amene ali moyo lero anadulidwa, ndipo oposa 144 miliyoni mwa iwowa ali mu Africa. Ku Somalia ndi pafupifupi mkazi aliyense. Anthu amene amachita zimenezi si zilombo, ndi makolo amene amaopa kuti mwana wawo adzasalidwa ndipo sadzakwatiwa, ndiye chifukwa chake simungawazindikire poona nkhope kapena poona mmene amakusekererani pa khomo. Ubwino wa mnzanuyo sukutsimikizira kalikonse. Mwina iye sakufuna n'komwe, koma akafika kumudzi mawu omaliza ndi a apongozi ake.

Dziko lino la Britain linaletsa mchitidwewu mu 1985, ndipo lamulo la 2003 linakweza chilango kufika zaka 14 m'ndende, n'kuwonjezera kuti kutengera mwana kunja kuti akadulidwe kumeneko ndi mlandu womwewo. Komabe panapita zaka zoposa 30 popanda munthu wopezeka wolakwa, mpaka mu February 2019 pamene khothi la Old Bailey ku London linapeza wolakwa mayi wa ku Uganda amene anadula mwana wake wa zaka 3. Mu October 2023 mayi wina wa ku London, Amina Noor, anapezeka wolakwa pothandiza kuti kamwana ka zaka 3 kadulidwe ku Kenya mu 2006, ndipo nkhaniyo inaululika patapita zaka zambiri, mtsikanayo atauza mphunzitsi wake. Milandu ndi yochepa chonchi chifukwa mboni yaikulu amakhala mwana, ndipo woimbidwa mlandu amakhala mayi ake kapena agogo ake. Ndi mwana uti amene angaimirire m'khothi kuti amangitse amene anamuyamwitsa? Ine ndimaona kuti kumanga munthu chilonda chitachitika kale n'kotonthoza boma kuposa mwanayo.

Sindikunena kuti apolisi ndi a zosamalira ana salakwitsa. Mabanja a Chisomali a ku Bristol anadandaula poyera kuti amafunsidwa funso lomwelo kusukulu, kuchipatala ndi pakhomo ngati kuti ndi zigawenga, ngakhale amene anausiya kalekale mwambowu, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka, ine ndinalawako pang'ono. Koma ndikaika manyazi anga a ku sikelo mbali imodzi ya sikelo yoyezera, mbali inayo n'kuikako zimene mnzanga uja wakhala akupirira kwa zaka makumi anayi, sindingayerekeze n'komwe kunena kuti n'zofanana.

Ndipo ife Amalawi tisadziyeretse kwambiri. N'zoona kuti kudula si mwambo wodziwika pakati pathu, koma mawu akuti "usakaulule" timawadziwa bwino. Ambirife tinauzidwa ku chinamwali kuti zakumeneko sizinenedwa, ndipo tinakula ndi mantha akuti ukaulula amayi ako afa. Chinsinsi chomwecho ndi chimene chinabisa fisi ndi kusasa fumbi kwa mibadwo, mpaka lamulo loteteza ana la 2010 ndi la Gender Equality Act la 2013 linachita kutchula miyambo yovulaza kuti ndi mlandu. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe pa maukwati ndi pa maliro, koma likafika tsiku loti mwambiwo utilipiritse ubwenzi, timathawira ku wina uja wakuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ine mwambi wachiwiriwu ndatopa nawo.

Tsono muchite chiyani?

Nenani, ndipo nenani ulendo usanachitike. Kuyambira pa 31 October 2015, aphunzitsi, anamwino, madokotala ndi ogwira ntchito zosamalira anthu ku England ndi Wales amakakamizidwa ndi lamulo kuuza apolisi mtsikana wosakwana zaka 18 akawaululira kuti anadulidwa. Inu monga mnansi lamulo limenelo silikukumangani, koma khomo ndi lotsegula. Imbirani a zosamalira ana ku khonsolo ya dera lanu, kapena uzani mphunzitsi woona za chitetezo cha ana kusukulu ya mtsikanayo, kapena imbani pa 0800 028 3550, nambala ya NSPCC, bungwe loteteza ana ku nkhanza, pamene mungalankhule osatchula dzina lanu. Ngati ulendo ndi wa mawa kapena mkuja, imbani 999. Lembani mawu enieni amene mwana wanu anamva ndi tsiku lake. Musamufunse mtsikanayo mafunso ambiri, musayese kumuyang'ana m'thupi, ndipo musayambe mwakawafunsa makolo ake, chifukwa akhoza kufulumizitsa ulendo. Khothi la za mabanja lili ndi mphamvu yopereka chiletso choteteza mwana, ngakhale kusunga pasipoti yake, popanda kumanga aliyense, ndipo alipo amayi amene amanyamula chikalata choterocho kukaonetsa apongozi awo kuti manja awo ndi omangika. Mwina mnzanuyo ndi mmodzi wa iwo.