Kodi zomera za m'tchire za kuno kwathu zinalembedwa kale zonse?

Achimwene, mwafunsa ngati pali mndandanda wa mitengo ndi zitsamba zonse za m'tchire za m'Malawi muno, komanso ngati zithunzi zomwe mumajambula m'phiri la kumudzi kwanu zili ndi phindu. Mndandanda ulipo, koma ndi ntchito yosatha.

Eni ake a ntchitoyi ndi a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1987. Kumeneko amasunga nthambi zouma zomatidwa pa mapepala, pepala lililonse lili ndi malo, tsiku ndi dzina la amene anatola. Palinso mabuku a Flora Zambesiaca omwe anayamba kutuluka mu 1960 motsogozedwa ndi akatswiri a ku Kew ku London, ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Akatswiri amati kuno kokha tili ndi mitundu pafupifupi 6,000 ya zomera zamaluwa.

Ndiye bwanji osangosindikiza n'kupuma? Taonani nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje. Alexander Whyte anautola m'phirimo mu 1891, ndipo unapatsidwa dzina loti Widdringtonia whytei. Patapita zaka akatswiri ena anati ayi, mtengowu ndi umodzimodzi ndi mnzake wamfupi uja wopezeka mpaka ku South Africa. Mu 1997 anawalekanitsanso atafufuza mofatsa. Wina anganene kuti ndi mikangano chabe ya anthu ophunzira, koma ayi ndithu. Ukakhala mtengo wopezeka mayiko ambiri, kutha kwake ku Mulanje sikudetsa nkhawa aliyense. Ukakhala wa phiri limodzi lokha, ukatha pamenepo ndiye kuti watha padziko lonse. Mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo. M'mabuku munali nkhalango, m'phiri munali zitsa.

Mayina nawo sakhazikika. Msangu womwe alimi amausiya m'munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mabuku akale amautcha Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Ndipo pali alendo ofunika kulembedwa komwe afika: namasupuni mu Shire, ndi paini yemwe anathawa m'minda ya nkhalango n'kumadzimerera yekha ku Mulanje ndi ku Nyika.

Tsono za zithunzi zanuzo. Zingathandize kwambiri, chifukwa otola zomera akhala akubwerezabwereza Zomba, Mulanje ndi Nyika, pomwe timapiri ta kumidzi ndi madambo ambiri sanapondeko bwinobwino. Koma kunena mosapsatira, chithunzi cha masamba obiriwira chojambulidwa patali sichipindulira munthu. Jambulani duwa kapena chipatso, tsamba kutsogolo ndi kumbuyo, khungwa, kenako mtengo wonse pomwe waima. Lembani tsiku, mudzi, mfumu yaikulu, ndiponso ngati ndi padambo, pachulu kapena pathanthwe. GPS ya pa foni ikhale yoyatsa. Ngati mtengowo sunachite maluwa, mubwererenso mvula ikagwa. Mukatero ikani zithunzizo pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pomwe odziwa amathandiza kuzindikira dzina lake.

Chomwe inu mungawapose nacho akatswiri ndi agogo a m'mudzimo. Afunseni dzina lomwe amautchula ndi ntchito yake, ndipo mulembe chilankhulo chake, kaya Chichewa, Chiyao, Chilomwe kapena Chitumbuka. Chenjerani pang'ono apa, poti dzina limodzi limatha kuimira zomera zosiyana malinga ndi dera. N'chifukwa chake dzina lopanda chithunzi kapena nthambi limasokeretsa.

Mukafuna kuumitsa nthambi, ipanikizeni pakati pa manyuzipepala, pamwamba muike chinthu cholemera, n'kumasintha mapepalawo akanyowa kuti isachite nkhungu. M'nkhalango za boma ndi m'malo osungira nyama musathyole kanthu popanda chilolezo. Ndipo mukapeza maluwa aja a chikanda, musalengeze malo ake enieni pagulu. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya banja limeneli, ndipo okumba akufukula mizu yake kukagulitsa mpaka ku Zambia. Malowo auzeni a ku Zomba okha.