Kodi masiki abuluu aja angateteze namwino ku TB?

Namwino wina amene amagwira ntchito m'wodi ya odwala chifuwa chachikulu wandilembera imelo. Akuti masiki a N95 amafika mwa apo ndi apo, ndiye akufunsa ngati masiki wamba abuluu aja ndi okwanira, komanso ngati N95 imodzi angaivale kangapo.

Achemwali, masiki abuluu sangakutetezeni mokwanira ku TB. Wodwala akatsokomola amatulutsa timadontho tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timayandama mumpweya kwa maola angapo m'chipinda chotsekeka. Masiki abuluu amasiya mipata m'masaya ndi pamphuno, ndipo mpweya umalowera pomwepo. Amathandiza kwambiri akavala wodwalayo. Pa kafukufuku amene anachitikira ku South Africa, zotsatira zake zitatuluka mu 2012, odwala TB yosamva mankhwala atavala masiki amenewa kufalikira kwa matenda kunachepa ndi 56 peresenti. Choncho mupatseni wotsokomolayo, inu muvale N95.

N95 imasefa tizidutswa 95 pa 100 tilitonse, ndipo masiki ya ku Ulaya yotchedwa FFP2 ikufanana nayo. Koma mphamvu yonseyi imathera pa kampata kamodzi. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambiri amaivala ili yokhwepa nkumadziona otetezeka. Lamba mmodzi adutse pamwamba pa makutu, wina m'khosi. Kachitsulo kapamphuno kapindeni ndi zala za manja onse awiri. Kenako phimbani masikiyo ndi manja nkupuma mwamphamvu. Mukamva mpweya ukutulukira m'mbali, konzaninso. Nkhope zimasiyana, motero chipatala chimayenera kukuyesani kuti chidziwe saizi yokukwanani. Anzanu aamuna muwauze kuti ndevu zimalepheretsa masiki kugwira khungu.

Za kuivala kangapo, pa TB nzotheka, poti matendawa sitiwatengera pokhudza zinthu. Ikhale yanu nokha. Muziisunga mu envulopu yapepala yolembedwa dzina lanu, osati m'jumbo ya pulasitiki yomwe imasunga chinyontho. Ikanyowa, ikang'ambika, ikada kapena malamba akatamuka, itayeni. N95 zikachepa, zisungireni nthawi yotenga makhololo ndi yosamalira odwala TB yosamva mankhwala.

Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amaika N95 pambuyo pa zinthu zina ziwiri: kupatula otsokomola nkuwayambitsa mankhwala msanga, ndi kulola mpweya kuyenda m'chipinda. Mawindo azikhala otsegula, ngakhale mu June kukamazizira. Musazitenge mopepuka zimenezi: ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, anthu 52 mwa 53 amene anapezeka ndi XDR-TB (TB yosamva mankhwala ambiri) cha mu 2005 anamwalira, ndipo pakati pawo panali ogwira ntchito zachipatala.

Mukamatsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku, kayezetseni makhololo osadikira. Ngati muli ndi HIV, kambiranani ndi akuluakulu anu zokusinthani wodi, ndipo funsani za mankhwala oteteza ku TB.